Siteshoni ya Chisamba ndi chiyambi cha mpingo wathu

Komiti yokonza chikondwerero chathu cha zaka 50 itandipatsa ntchito yolemba za chiyambi cha mpingo, ndinapempha alembi kuti andibwereke buku loyamba la miniti. Ndi kope lija lachikuto cholimba limene chiswe chinadya m'mphepete. Ndinkayembekeza kupezamo dzina la mudzi kapena la famu kumene makolo athu ankakumana. Koma m'chaka chonse choyamba, pamzere wonena malo a msonkhano, mlembi wa nthawi imeneyo ankangolemba kuti "pa siteshoni". Ine ndine wobwera, ndipo chifikire kuno sindinakwerepo sitima pa Chisamba ngakhale kamodzi. Achinyamata athu ambiri n'chimodzimodzi. Choncho ndinaona kuti mbiri ya mpingo singamveke bwino ngati sitiyamba tafunsa kuti siteshoniyo inabwera bwanji, ndipo inabweretsa yani. Zimene ndalemba pano zina ndi mbiri ya dziko yodziwika kale, zina ndazitola m'buku lija, ndipo zambiri ndazimva pakamwa pa achikulire athu amene anandikhazika pampando ndi kundifotokozera.

Njanji imene imadutsa kumbuyo kwa tchalitchi chathu sanaimangire anthu a kuno. Anaimangira miyala. Cecil Rhodes ankalota njanji yochokera ku Cape mpaka ku Cairo, ndipo ngakhale iye anamwalira mu 1902, kampani yake inapitiriza kuikankhira kumpoto. M'chaka chomwecho azungu anapeza mtovu ndi zinki pa Broken Hill, pamene lero timati Kabwe, ndipo njanji inalunjika kumeneko. Mlatho wa pa Victoria Falls unatha mu 1905. M'chaka chimenecho njanji inafika pa kamudzi ka nyakwawa Lusaaka, pamene panadzakula mzinda wa Lusaka, ndipo kumayambiriro kwa 1906 inali itafika pa Broken Hill. Apa mutha kuona nokha kuti zitsulo zoyamba za pa Chisamba zinayalidwa pakati pa nthawi ziwirizi. Kampani ya George Pauling ndi imene inkagwira ntchitoyo, koma manja amene ankakumba ndi kunyamula anali a anthu akuda, amene maina awo sanalembedwe paliponse. Pofika 1909 njanji inali itadutsa Ndola n'kukafika kumalire a Congo.

Nanga bwanji siteshoni pamalo ngati ano, pamene panalibe mgodi kapena boma? Njanji yathu ndi ya mzere umodzi. Sitima yochokera kumpoto ndi yochokera kum'mwera sizingaphonyane pokhapokha pali kanjanji kapambali koti ina ipatukiremo n'kudikira. Komanso injini za nthawi imeneyo zinkayendera malasha ndi madzi, ndipo zinkamwa ngati ng'ombe ya m'chilimwe. Choncho pakapita mtunda ndithu, omanga ankasiya malo opatukira, thanki ya madzi ndi tinyumba tingapo ta antchito. Lusaka weniweniyo anayamba motero. Kusiyana kwake n'kwakuti Lusaka anakhala likulu mu 1935, pamene Chisamba anatsala ndi ng'ombe ndi chimanga.

Pali mbali ina imene sitiyenera kuilumpha chifukwa chakuti tili pa chikondwerero. Dziko lino ndi la Alenje, anthu a Amfumu Chamuka. Njanji itadutsa, nthaka yabwino ya mbali zonse ziwiri inatengedwa kuti ikhale mafamu a azungu, ndipo kumapeto kwa zaka za m'ma 1920 boma la atsamunda linadula malo otchedwa marizevu n'kukankhiramo eni nthaka. Mafamu akuluakulu amene timawaona lero mizu yake ili pamenepo. Mafamuwo ankafuna manja, njanji nayonso inkafuna manja, ndipo apa m'pamene makolo athu a kum'mawa akulowera m'nkhaniyi.

Kum'mawa kunalibe njanji. Munthu wa ku Fort Jameson, Katete kapena Petauke ankakula osaonapo sitima. Koma msonkho unkamupeza, malo olima anali atachepa chifukwa kampani ya North Charterland inatenga dera lalikulu, ndipo mnyamata akafuna ndalama ankayenera kuchoka. Akale ankayenda pansi mpaka ku Salisbury. Otsatira awo ankakwera malole ndi mabasi pa Great East Road, kuwoloka Luangwa, n'kutsika pa Lusaka. Akafika pamenepo ankati afika "ku njanji", ndipo mawu amenewa mpaka lero agogo ena kumudzi amawagwiritsa ntchito ponena za dera lonse lochokera ku Livingstone mpaka ku Migodi. Ambiri cholinga chawo chinali ku Migodi. Ena ndalama ya tikiti inkawathera pa Chisamba. Bambo wina wachikulire wa mumpingo uno anandiuza akuseka kuti atate awo anatsika pano kuti agwire ganyu wa miyezi itatu apeze ya ulendo wa ku Kitwe, ndipo ku Kitweko anakafika patapita zaka zambiri, kukaona mdzukulu.

Sitima ya masiku a atsamunda inali ndi tsankho losabisa. Munali makalasi anayi, ndipo munthu wakuda malo ake anali m'kalasi yachinayi, pa mabenchi athabwa, pamodzi ndi mitolo, nkhuku ndi ana. Pantchito napo zinali choncho. Kuyendetsa injini inali ntchito ya mzungu. Roy Welensky, amene anadzakhala nduna yaikulu ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, anali dalaivala wa sitima wokhala pa Broken Hill pomwepa. Anthu athu ankakonza njanji, kunyamula katundu, kusesa, ndi kutembenuza zitsulo zopatutsira sitima. Anayamba kudzimangirira pamodzi m'bungwe la antchito akuda a panjanji, limene mmodzi wa atsogoleri ake odziwika anali Dixon Konkola. Kampani yonse inkatchedwa Rhodesia Railways ndipo malamulo ankachokera ku Bulawayo.

Ufulu utabwera mu 1964 njanji inali idakali ya maiko awiri. Ian Smith atalengeza ufulu wake wachinyengo pa 11 Novembala 1965, zinthu zinavuta: mkuwa wathu unkatulukira kum'mwera, malasha ankachokera ku Wankie, ndipo zonsezi zinali m'manja mwa mdani. Mu 1967 kampani inagawidwa ndipo kunabadwa Zambia Railways, likulu lake ku Kabwe. Azungu ambiri anachoka, ntchito zimene kale zinali zoletsedwa zinatseguka, injini za dizilo zinayamba kulowa m'malo mwa zamalasha. Amene akufuna kuona injini zakalezo akazipeza ku nyumba yosungirako zakale za njanji ku Livingstone. Mu Januwale 1973 Smith anatseka malire, ndipo atafuna kuwatsegulanso, a Kaunda anakana. Katundu wa Zambia sanayenderenso njira ya kum'mwera mpaka Okutobala 1978.

Ndafotokoza zimenezi kuti tione kuti 1975, chaka chimene mpingo wathu unakhazikitsidwa, chinali chaka chotani kwa munthu wa panjanji. Mtengo wa mkuwa unali utagwa. Njanji ya Benguela yodzera ku Angola inatsekedwa ndi nkhondo mu Ogasiti. M'mwezi womwewo a Kaunda anakumana ndi John Vorster wa ku South Africa m'bogi ya sitima yoimikidwa pakati pa mlatho wa Victoria Falls. Chiyembekezo cha dziko chinali pa njanji yatsopano ya TAZARA, ya makilomita 1,860, imene anzathu a ku China anayamba kumanga mu 1970 kuchokera ku Dar es Salaam. Inafika pa Kapiri Mposhi mu 1975 ndipo inaperekedwa m'manja mwa Zambia ndi Tanzania mu Julayi 1976. Munthu woima pa Chisamba ankaona kuti katundu amene kale ankatsikira kum'mwera tsopano akukwera kumpoto.

M'masiku amenewo ndi m'mene mabanja ochepa a m'komboni ya njanji ndi a m'mafamu oyandikana anayamba kukumana Lamulungu lililonse. Achikulire sagwirizana kuti anayamba ndani. Ena amati anali kapitawo wa gulu lokonza njanji, amene anali mkulu wa mpingo kwawo ku Katete. Ena amati anali amayi, amene ankayamba kuimba podikira sitima ndi madengu a malonda pamutu, abambo n'kudzalowa pambuyo. Buku la miniti linalembedwa ndi abambo, choncho limatchula abambo. Ine nditamva mbali zonse ziwiri ndikukhulupirira amayi. Chimene onse amavomereza n'chakuti poyamba ankakhala pansi pa mtengo kuseri kwa shedi ya katundu, ndipo mvula ikagwa mkulu wa siteshoni ankawalola kulowa m'khonde, ngakhale iye anali wa mpingo wina. Mipando inali matumba. Gome la mlaliki linali bokosi.

Chimene chinandikhudza kwambiri powerenga miniti n'chakuti moyo wonse wa mpingo unkayendera nthawi ya sitima. Kunalibe m'busa wokhala pano. Abusa oyendera ankachokera ku Lusaka kapena ku Kabwe, ndipo tsiku la Mgonero ndi la ubatizo linkasankhidwa poyang'ana kuti sitima ifika liti ndipo ibwerera liti. Pali tsamba lina pamene akulu a mpingo akudandaula kuti milandu iwiri yatsala osaweruzidwa chifukwa abusa amva sitima ikulira n'kunyamula chikwama. Pali lina lonena kuti ana a kalasi anadikira mayeso mpaka dzuwa kupendeka, amayi n'kuphika nsima kawiri. Mabuku a nyimbo, makhadi a umembala, ngakhale malata a tchalitchi choyamba, zonse zinatsikira pa pulatifomu ija. Mlaliki akamalalikira sitima ya katundu n'kutulukira, ankangotseka pakamwa mpaka bogi yomaliza itadutsa. Agogo ena aakazi anandiuza kuti ana ankawerenga mabogi mokweza, ndipo mlaliki wina anazolowera kufunsa kuti "angati lero?" asanapitirize.

Siteshoni inalinso msika ndi positi. Sitima ya anthu ikaima, amayi ankathamangira kumawindo ndi chimanga chowotcha, kandolo, mazira owiritsa, zitumbuwa ndi munkoyo. Mphindi zinali zochepa, ndipo chenji chinkaponyedwa pawindo sitima itayamba kale kuyenda. Ndalama zoyamba za Chigwirizano cha amayi zinachokera m'madengu amenewo, ndipo nsalu yoyamba ya pagome la Mgonero inagulidwa ndi mangwee a zitumbuwa. Nthawi yokolola matumba a chimanga cha NAMBOARD ankaunjikidwa ngati phiri kudikira mabogi, feteleza naye ankatsikira pomwepo, ndipo anyamata a mpingo ankapeza ganyu wosenza. Kalata yochokera kumudzi, uthenga wa maliro, mwana wobwera kutchuthi kuchokera ku sukulu yogonera, zonse zinkadzera pamenepo. Atsikana a ku Chipembi ndi mabokosi awo achitsulo akukumbukiridwabe ndi aliyense amene ndinacheza naye.

Nkhani ya maliro ndiyo inasintha mpingo kuposa china chilichonse. Oyambitsa athu sankadziona ngati anthu a pano. Mitima yawo inali kum'mawa, ndipo aliyense ankati akapuma ntchito adzabwerera. Koma kutengera mtembo ku Chipata kunkafuna galimoto yapadera ndi ndalama zimene wantchito wa panjanji analibe, pakuti sitima sinkapita kumeneko. Mwana woyamba wa mumpingo atamwalira, akulu anapita kwa anyakwawa a Chilenje kukapempha malo, ndipo anapatsidwa. Kuyambira pamenepo miniti ikusintha kalankhulidwe. Ayamba kukamba za kuumba njerwa, za kupempha puloti, za sukulu ya ana. Njanji ya kum'mawa inadzabwera mochedwa kwambiri, mu 2010, pamene kachigawo ka pakati pa Chipata ndi Mchinji kanatsegulidwa, koma kameneko kamaloza ku Malawi ndi ku Nacala, osati kuno.

Pano ndinene mawu amene mwina sakoma m'kabuku ka chikondwerero. Alenje anatipatsa manda, anatipatsa malo, ana awo anakwatirana ndi ana athu, koma kwa zaka zambiri mapemphero athu onse anali m'Chinyanja chokha, ndipo m'buku loyamba lonse sindinapeze m'bale wa Chilenje ali pa udindo. Mpingo unkadziwika kuti "tchalitchi cha a kum'mawa", ndipo ife dzinalo tinkalikonda. Zinayamba kusintha pamene kwaya ya achinyamata inayamba kuimba m'Chilenje ndi m'Chibemba popanda kupempha chilolezo kwa wina aliyense. Lero m'bwalo la akulu muli zinenero zingapo. Tinachedwa, ndipo sindikuona chifukwa chobisira.

Kutsika kwa siteshoni kunabwera pang'onopang'ono, ndipo kunabwera ndi msewu. Great North Road inadutsa kutali ndi ife, kumadzulo. Chuma chitamasulidwa pambuyo pa 1991, mabasi a anthu wamba anachuluka, kampani ya boma ya UBZ inatha mu 1995, NAMBOARD inali itatha kale mu 1989, ndipo chimanga, feteleza ndi mkuwa womwe zinasamukira pa mathiraki. Njanji ikasowa katundu imasowanso ndalama zoikonzera. Mitanda yapansi ikaola, sitima imayenda pang'onopang'ono kuopa kugwa, ndipo ikayenda pang'onopang'ono anthu amathawira ku basi. Antchito ambiri anachotsedwa ntchito, ndipo m'kaundula wathu wa zaka zimenezo tsamba ndi tsamba lili ndi mawu akuti "anasamuka". Mu 2003 boma linapereka njanji kwa kampani ya Railway Systems of Zambia kuti iziyendetsa, ndipo mu Seputembala 2012 boma la a Michael Sata linathetsa pangano limenelo n'kuibweza m'manja mwa Zambia Railways. Ndalama zokwana madola 120 miliyoni za ngongole ya Eurobond zinapatulidwa kuti zikonzere njanji. Pa chikondwerero cha zaka 50 za ufulu wa dziko kunabwera mabogi a anthu otchedwa Golden Jubilee Express, okhala ndi dzina la a Sata, ndipo anthu anatuluka m'nyumba kukawaona akudutsa. Mu 2018 boma linaika lamulo lakuti magawo 30 pa 100 a katundu wolemera aziyenda panjanji. Aliyense amene amayenda pa msewu wa ku Kabwe angaweruze yekha ngati mathiraki achepa.

Sitima ya anthu idakalipo. Imayenda pakati pa Livingstone ndi Kitwe, mtunda wopitirira makilomita 800, koma masiku ake pasabata ndi owerengeka ndipo ulendo wake ndi wa munthu wosafulumira. Amene amaikwera ndi amene ali ndi katundu wambiri ndi ndalama zochepa: mayi wa matumba a kandolo, banja losamuka, wophunzira amene ya basi yamuperewera. Sindikufuna kuti tiziinyoza. Kwa anthu amenewa kusiyana kwa mtengo wa sitima ndi wa basi ndi ndiwo za sabata yathunthu, ndipo ena mwa iwo timakhala nawo pabenchi limodzi Lamulungu.

Chisamba wakula ndithu. Mu 2013 anakhala boma payekha, kuchoka pansi pa Chibombo. Kuli damu la Mwomboshi, kuli malo a kafukufuku wa zaulimi a Golden Valley kumene kumachitikira chionetsero chachikulu cha alimi. Koma kukula kwambiri kwatsamira kumsewu, ndipo n'chifukwa chake bwalo la akulu lakhala likukambirana, chaka chachitatu tsopano, ngati tchalitchi chatsopano timange pano kapena kufupi ndi tala. Onena za kumsewu ali ndi mfundo: mabanja achinyamata akumanga kumeneko, ndipo nthawi ya mvula okalamba amavutika kufika. Onena za pano nawonso ali ndi mfundo: manda athu ali pano, ndipo amene atsala m'komboni ndi m'mafamu ndi amene alibe ya minibasi. Kabuku kano si malo ogamulira nkhaniyi. Maganizo anga ndinawanena kale m'bwalo ndipo sindikuwabisa: kumsewu tiyambitse nthambi, koma pano tisatseke. Mpingo umene unayambitsidwa ndi onyamula katundu ukasiya osauka ake kuti utsate magalimoto, ine ndidzavutika kuufotokozera ana a kalasi.

Chinthu chimodzi cha pa siteshoni tidakali nacho. Ndi chidutswa cha njanji chija chopachikidwa pamtengo wa pakhomo, chimene timaimba ngati belu. Alendo amachiseka, ndipo kawiri konse pabwera maganizo oti tigule belu lenileni. Miniti ikusonyeza kuti chinali chitsulo chotha ntchito chimene oyambitsa anachipempha ndipo anapatsidwa masana, anthu akuona. Ndikunena zimenezi dala, chifukwa masiku ano kuli anthu amene amazula mabawuti ndi tizitsulo togwira njanji usiku n'kukagulitsa kwa ogula zitsulo zakale, ndipo si onse amene ndi achilendo kwa ife. Bawuti imodzi imagulidwa ndalama yosakwana mtolo wa repu, koma pamene yachotsedwapo pamadutsa bogi yodzaza anthu. Makolo, mukaona chitsulo chotere pakhomo, funsani kumene chachokera. Ndipo ana amene amadumpha njanji pobwera ku Sande sukulu, tiwaphunzitse kuima ndi kuyang'ana mbali zonse ziwiri, pakuti kuchepa kwa sitima kwatichititsa kuiwala kuti sitima siima msanga.

Pa Lamulungu la chikondwerero chitsulocho chidzaimbidwa ndi amayi awiri amene atsala mwa aja anakhala pa matumba kuseri kwa shedi. Tikatuluka m'mapemphero a m'mawa tidzayenda pamodzi mpaka pa siteshoni, ndipo iwo adzatilozera pamene panali mtengo uja, pakuti unadulidwa kalekale ndipo pa awiriwo aliyense amaloza pake. Amene ali ndi chithunzi chakale, tikiti, chipewa cha yunifomu kapena nyale ya panjanji ya atate awo, abwere nazo kwa alembi lisanafike Loweruka, kuti tiziike pagome la pakhomo. Zidzalembedwa maina ndipo zidzabwezedwa kwa eni ake.